Chaka Chimene Malire Anatsikira ku Mtsinje

Akuluakulu a ku likulu amakonda kugawa dziko lomwe sanalipondepo. Chigawo chathu anachidula maboma, boma lililonse analidula matauni, pansi pa matauni anaika midzi, ndipo pansi pa midzi pali timidzi tija timakumbukika nthawi ya chisankho yokha. Malo aliwonse ali ndi pake pa makwerero amenewa, ndipo pamene mwaikidwapo ndi pamene pamanena zimene mudzalandire. Boma limalandira msewu ndi bwalo la milandu. Tauni imalandira meya, kachipatala ndi mlembi wa ana obadwa. Mudzi umalandira sukulu ya denga lodontha. Kamudzi kamalandira dzina basi, nalonso amalilemba molakwika.

Totorani, kwathu, anali mudzi chiyambire makolo, pansi pa boma la Lukmani. Amene anakweza mudziwo kuti ukhale tauni ndi Serapio Huarhua, chaka chimene anagwira ndodo ya ulamuliro wa mudzi. Sikuti ankafuna kutchuka, munthu wake anali wouma pakamwa, woti moni weniweniyu ankachita kumukoka. Chinamukankha ndi imfa ya mkazi wake Epifania. Chibayo chinamugwira nthawi yokumba mbatatesi, amuna anamunyamula pa bulangete kutsika naye ku chipatala cha ku Lukmani, ndipo anatsirizikira pa mlatho, madenga a chipatalacho akuoneka. Serapio ndiye anagwira ngodya ya kumutu. Kuyambira tsiku limenelo mawu ake pa msonkhano uliwonse anali amodzimodzi: Totorani akhale tauni, kachipatala kabwere pakhomo.

Koma akuluakulu sakweza mudzi womwe uli ndi mkangano wa malire, ndipo ife tinali nawo. Kumtunda anali atangosonkhanitsa midzi ya oweta alipaka, ziweto zathu za ubweya zija, n'kuidulira boma latsopano la Marampa, ndipo a ku Marampa ankati phiri lonse la tsidya la mtsinje wa Chilka ndi lawo. Pa phiri limenelo pali msipu wabwino. Palinso Wankarani, kamudzi komwe anthu anathawako m'zaka za mfuti osabwererakonso, kunangotsala makoma opanda madenga ndi manda. Epifania anabadwira kumeneko, ndipo anagonekedwa komweko pafupi ndi mayi ake, monga anapemphera mwini wake.

Serapio anaziyeza mumtima: kuno amoyo, uko akufa. Anavomera kuti malire atsikire ku mtsinje. A ku Marampa anasaina, ife tinasaina, anthu a boma anabwera ndi zipilala za simenti n'kuzizika m'mbali mwa madzi, ndipo Serapio yemweyo, ndodo ili m'manja, anazithira mowa wachimanga kuti nthaka izilandire. Totorani anakhala tauni. Tinavina, tinaledzera, tinapenta chikwangwani chachikulu kuposa sukulu. Kachipatala kanabweradi, ndi namwino wake wa nsapato zoyera, ndipo mwana woyamba amene anapulumukirako chibayo makolo ake anamuwonjezera dzina la Serapio. Walira mvula walira matope, koma tsiku logwa mvula palibe amene amayang'ana pansi.

Matopewo anayambira kwa Serapio. Munda wake uli m'mbali mwa Chilka, ndipo tsiku lina masana, akupanga mizere, anaweramuka n'kuona mkazi ataima tsidya lija. Anali patali ndithu, nkhope siinkaoneka, koma sungasokoneze kaimidwe ka munthu amene unafunda naye bulangete limodzi. Phewa lamanzere lotsika, chipewa chopendekera kutsogolo, kamtolo kumsana. Anangoima pafupi ndi chipilala cha simenti ngati wodikira lole. Nyengo imeneyo madzi a Chilka safika n'komwe m'mawondo, ndipo Epifania ali moyo ankawoloka akupota ubweya, osayang'ana pansi. Koma uyu sanawoloke. Serapio anamuitana, galu wake anathawira kuseri kwa khoma n'kumalira, ndipo nkhungu itadutsa, tsidya lija panali chipilala chokha.

Anamuonanso kambirimbiri, masana okhaokha, malo omwewo, ndipo sanauze munthu. Anadikira Novembala, tsiku limene akufa amabwera kudzadya kwawo. Anayala tebulo monga tonse timachitira, anatsegula chitseko n'kukakhala panja kuti mlendo adye momasuka. Aliyense amadziwa kuti akufa akadya, chakudya chimatsala chathunthu koma chitatha kukoma, umangokhala ngati ukutafuna udzu. Mawa lake Serapio analawa. Chilichonse chinali chokoma, mchere uli m'malo mwake, buledi akununkhira. Anakhala pansi n'kulira, pakuti anadziwa kuti mkazi wake wagona ndi njala.

Amene Serapio anamuululira zimenezi anali mlamu wake Nicanor Sallo, mlongo wa malemuyo, munthu wa lilime lakuthwa. Nicanor sanadabwe. Anati akufa amalemekeza malire kuposa amoyo, nanga si mwini ndodo anathira yekha mowa pa simenti ija? Komabe anati zisamuwondetse, chifukwa mapepala a boma amasintha ndi eni mipando. Chimene chimagwira dziko ndi mwala.

Ankanena za milu ya miyala imene imazungulira dziko la mudzi uliwonse. Chaka ndi chaka mu Febuluwale amuna onse amayenda malire, mulu ndi mulu, ndipo pa mulu uliwonse wogwira ndodo amatchula dzina la mwalawo, kenako mayina a akufa amene mwalawo umawasunga. Wotchulidwa ndiye kuti ali ndi kwawo. Mulu waukulu pa yonse uli kuseri kwa manda a ku Wankarani, ndipo dzina lake silitchulidwa pali mlendo. Pa milandu yonse ya malire imene inakhalapo, makolo athu ankapambana ndi funso limodzi: ngati mwalawo ndi wanu, utchuleni. A ku Marampa pepala anali nalo, koma dzinalo analibe.

"Ndiye inu alamu, pakamwa potseka," anatero Nicanor. "Amene ali pampandowa adzachoka, kudzabwera ena. Tsiku limenelo tidzawafunsa dzina a ku Marampawo, adzangoti kakasi, phiri lidzabwerera kwathu."

"Nanga pakadali pano mlongo wanuyu azidya kuti?"

"Wakufa safa kawiri. Apirire."

Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali.

Febuluwale anafika ndi mvula yake. Tinanyamuka m'mawa, mbendera zoyera patsogolo, zitoliro ndi ng'oma pambuyo, ndipo pakati amuna ovala masiketi a akazi awo, amene ntchito yawo ndi kuvina pa mulu uliwonse ndi kunyogodola aliyense wotsalira m'mbuyo. Mkulu wawo anali Nicanor, ndevu zili pamwamba pa mikanda. Ndodo inali ikadali ndi Serapio, popeza meya wathu watsopano anali ndi lamba wokongola wa pachifuwa koma mayina a miyala sankawadziwa.

Milu ya kumunsi inayenda bwino. Pa uliwonse tinazika mtanda wa maluwa, tinaika masamba a koka, aja timatafuna ndi kuperekera nsembe, pansi pa mwala, Serapio anatchula, ife tinavomera dzina ndi dzina, mowa unazungulira. Nicanor ankathyola chiuno pamaso pa meya n'kumamufunsa ngati malamulo a m'tauni amalola mkazi wachiwiri, popeza iye watopa kukwatiwa ndi anthu akumudzi. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

Cha kumasana tinafika pa Chilka, pamene njira yakale imawolokera n'kuyamba kukwera. Onyamula mbendera analowa m'madzi osaganiza, miyendo ili ndi nzeru zake. Anali kale pakati pamene Serapio anawaitana kuti abwerere. Anabwerera mwakachetechete, mathalauza akudontha, ndipo tonse tinazungulira chipilala cha simenti. Wina anazika mtanda. Zitoliro zinaleka kuti wandodo atchule. Koma chipilalacho chinali ndi nambala yokha, dzina chinalibe, ndipo chinalibe wakufa ndi mmodzi yemwe woti chimusunge. Amuna a mudzi wathunthu tinangoima mvula ikutiwaza, tikusowa poika maso.

"Tchulani, tayta," anatero Nicanor motsitsa mawu, akumutcha bambo m'chiyankhulo chathu, atakwinyira siketi m'manja. "Mwana wanu uyu, munabala nokha. Kapena timutche Chipatala?"

Palibe anaseka. Pamenepo m'pamene tinamva zitoliro zina kumtunda, mkati mwa nkhungu, zikuimba nyimbo yomwe siinali yathu. Anali a ku Marampa, akuyenda malire awo atsopano koyamba, ndipo njira yawo yotsikira ku mtsinje inkadzera ku Wankarani. Serapio anayang'ana tsidya. Ife tinkaona udzu ndi nkhungu basi. Iye anaona Epifania, pafupi kuposa masiku onse, moti anazindikira ndi chigamba chomwe cha pa shawelo yake. Sankayang'ana kuno ayi. Anali atatembenukira kumene kunkachokera nyimbo, mutu atapendeketsa, monga amachitira munthu wanjala akamva mbale zikulira m'nyumba ya eni.

Serapio anapereka ndodo kwa Nicanor n'kumuuza kuti atsirize ndi anthu, popeza mayina a milu yotsalayo ankawadziwa. Nicanor anamugwira mkono, nthabwala zonse zitamuthera.

"Alamu, mayi anga nawonso ali komweko. Mukuyesa ine sizikundiwawa? Mukakatsegula pakamwa, phiri lapita mpaka kalekale, ndipo kuno simudzagwiranso ndodo, ngakhale yopirikitsira agalu."

"Ndamva," anatero Serapio, n'kulowa m'madzi.

Kukwera ku Wankarani kumafuna mapapo. Njira inali itayamba kale kufa, udzu utaitseka, pena madzi ataikokolola. Epifania sanamuonenso ndi maso, koma patsogolo pake udzu ankaupeza uli wopindika kale, madontho atayoyoka, ngati wina wangodutsa kumene. Analowa m'kamudzi muja. Anadutsa katchalitchi kopanda denga, nyumba ya apongozi ake momwe munamera chitsamba pakati pa mafuwa, ndi khoma lija ankatsamirapo masiku ofunsira mbeta, akunamizira kuti nkhosa yake yasochera. Kamudzi kakufa sikakhala chete ngati kuthengo. Kamakhala chete ngati anthu amene aleka kuyankhula chifukwa walowa ndiwe. M'makomo monse opanda zitseko ankamva kuti muli maso. Tsitsi linamuimirira, koma chimene chinamupweteka kuposa mantha ndi manyazi, pakuti onsewo ankawadziwa mayina, ndipo onsewo anagona ndi njala chifukwa cha iye.

A ku Marampa anawapeza kuseri kwa manda atazungulira mulu uja, popeza munthu sudutsa mwala wosunga akufa osaupatsa moni. Anali ochepa, zofunda zawo zofiira zitanyowa, ndipo chapatali pansi pa thanthwe panali akazi amene anawabweretsera chakudya cha masana. Zitoliro zawo zinali zitaleka. Wandodo wawo anali Casimiro Llancay, mkulu wowonda wa diso limodzi loyera, amene Serapio anakhala naye tebulo limodzi tsiku losaina. Mtanda wawo wa maluwa unali gone m'matope.

Casimiro sanabise kanthu. Anati ayesa kuupatsa mwalawo dzina la woyera mtima wa kwawo, koma mtanda akauzika ukugwa, ndipo woimba chitoliro akuti akauzira mpweya ukumubwerera m'kamwa. Anati iwo sanabwere kudzanyoza munthu. Dzikoli anapatsidwa ndi boma, inde, koma akuona okha kuti pano pali eni ake, ndipo sakudziwa kuwapatsa moni. Kenako anapempha Serapio kuti awauze dzina la mwalawo.

"Ndikudziwa kukula kwa chimene ndikupempha, tayta," anatero. "Mukakana sitidandaula. Tiulambalala, tiusiya chomwechi."

Serapio anayang'ana kuseri kwa khoma la manda, pamene panali mtanda wamtengo womwe anausema yekha. Chomwechi. Ndiye kuti chaka chino, chaka chamawa, mpaka tsiku losadziwika limene akuluakulu adzasinthe maganizo, mkazi wake adzakhala chiimire pa mtsinje ndi kamtolo kumsana, kuno wosaloledwa, uko wosadziwika. Ankamukonda Epifania, ndipo ankafuna kuti azidya kwake, pa tebulo lake, pa mbale zomwe anagula yekha ku msika wa ku Lukmani. Zimenezo anazitaya yekha pamodzi ndi mowa uja, ndipo madzi akatayika saoleka. Chotsala chinali chakuti adye kwa eni kapena asadye konse.

Anavula chipewa, anagwada m'matope n'kuika dzanja pa mwala. Dzinalo sanalinong'one. Analitchula mokweza, kuti ndi wa kumapeto yemwe amve, ndipo a ku Marampa analibwereza. Pano sindililemba, si lathunso. Kenako anayamba mayina a akufa, kuyambira akalekale monga mwa mwambo, banja ndi banja, nyumba ndi nyumba, ndi aja anaphedwa m'zaka za mfuti omwe manda awo ali ndi zovala zokha. Alendo aja ankavomera ndi lilime lawo la kumtunda, pena akupunthwa, iye n'kuwakonza, iwo n'kubwereza. Anatchula apongozi ake. Pomalizira anatchula Epifania Sallo, ndipo mawu a amuna osamudziwa anamulandira.

Casimiro anatola mtanda n'kuuzika, ndipo unaima. Woimba uja anayesa chitoliro, chinalira. Kuchokera m'mabwinja muja kunakwera kamphepo kofunda konunkha utsi wa pamoto, chonsecho moto kumeneko unazima kalekale. Amuna ena anadzilemba mtanda pamphumi.

Tsono inakwana nthawi yovina kuzungulira mwala. Casimiro anafika pafupi ndi Serapio, diso lake labwino lili pansi, n'kuyamba kusakasaka mawu. Serapio sanafune kumuvutitsa, mwambowo ankaudziwa, iye yemwe anatulutsapo anthu ambiri pa malo omwewo. Bwalo likamatsekedwa mlendo saima mkati. Anadzuka, anatuluka, n'kukaima kunja kwa khoma la manda, ndipo bwalo linatsekeka iye akuona misana.

Ali chiimire choncho, mmodzi wa akazi aja anachoka pansi pa thanthwe n'kubwera ndi mbatatesi zotentha ndi tchizi m'kansalu. Anali mayi wonenepa wa masaya osweka ndi chisanu. Anati ndi Hermelinda, mkazi wa Casimiro, ndipo anamupatsa chakudyacho ndi manja awiri.

"Tayta, uja mwamutchula pomalizira uja, mawu anu ananjenjemera. Ndi wanu?"

"Mkazi wanga, mama."

Mayiyo anagwedeza mutu. Anati akazi agwirizana kale kuti mu Novembala agawana akufa a ku Wankarani, nyumba iliyonse itengeko ake, kuti pasapezeke wosowa kolowa. Ameneyu amutenga iye.

"Ndiye mundiuze, amakonda chiyani? Munthu wobwera koyamba pakhomo sufuna kumuikira zomwe sadya."

Serapio anati msuzi wa kinuwa, timbewu tating'onoting'ono ta kwathu tija, koma wopanda anyezi, anyezi amamutentha pamtima. Nyemba zokazinga, zopserera pang'ono. Tiyi wa shuga wambiri, ndipo akakana asamumvere, amakana mwaulemu chabe. Mbira yowotcha amaikonda, koma mutu asamuikire, sadya, ankasiyira iye Serapio. Ng'oma zinkalira kuseri kwa khoma.

"Chinanso, mama. Chitseko musangotsegula n'kuchokapo. Kwa eni ndi wamanyazi. Muzimuitana ndi dzina, apo ayi adzangoima panja."

Mayiyo anati adzamuitana, n'kubwerera kwa anzake akubwereza chamumtima za anyezi zija kuti asaiwale. Serapio anatsala kunja kwa khoma, kansalu kotentha kali m'manja, mvula ikumugwera pamutu, akukumbukira zina zambiri zimene sananene.